Chigiriki pa Mtunthama

Maphunziro ozama amadalira wowalipirira, ndipo ufumu ukagwa nawonso amagwedezeka. Ufumu wa Roma wa kumadzulo utatha m'chaka cha 476, odziwa Chigiriki kumeneko anayamba kuchepa. Boethius, amene anafuna kumasulira mabuku onse a Aristotle m'Chilatini, anaphedwa ntchitoyo isanathe. Nzeruzo zinapulumukira kum'mawa: ku Baghdad, Hunayn ibn Ishaq anamasulira mabuku a Galen m'Chiarabu.

Nafenso tinaziona izi. M'chaka cha 1981 Dr Kamuzu Banda anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy pa Mtunthama, ku Kasungu. Ana anzeru osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki mwaulere, aphunzitsi ake ambiri ochokera ku Britain. Ulamuliro wake utatha mu 1994, thumba linauma. Sukulu inayamba kulipiritsa, mwana wa mlimi natsala kunja kwa mpanda.

Kusiyana kwake nku: ku Baghdad nzeru za Agiriki zinazika mizu chifukwa zinalowa m'chiyankhulo cha eni dziko. Pa Mtunthama Chigiriki chinkaphunzitsidwa kudzera m'Chingerezi, Chichewa chili panja. Wolipirira atachoka, kumudzi kunalibe nkhokwe yosungiramo mbewu.