Nyumba yakale ikasanduka hotela

M'munsi mwa phiri la Zomba muli nyumba imene abale a kwa Buchanan anamangira kazembe wa Britain, Hawes, mu 1886. Harry Johnston anakhalamo, kenako inadzakhala malo ogona a boma, ndipo lero ndi Hotel Masongola. Ku Thyolo nako, Huntingdon House, nyumba ya banja la a Kay pa esiteti ya tiyi ya Satemwa, tsopano imalandira alendo.

Anthu amangoti "aikonza," koma amisiri amasiyanitsa. Pali kusunga, komwe ndi kumata denga lodontha ndi kuthana ndi chiswe popanda kusintha china chilichonse. Pali kubwezeretsa mwakale: kuchotsa zimene zinaphatikizidwa pambuyo pake, potsatira zithunzi ndi mapulani akale. Chovuta kwambiri ndi kupatsa nyumba ntchito yatsopano, chifukwa mlendo wolipira amafuna bafa m'chipinda, madzi otentha ndi intaneti, pomwe makomawo sanamangidwe kuti mudutse mapaipi.

Apa mpamene mmisiri weniweni amadziwikira. Njerwa zakale ankazimanga ndi dothi kapena laimu, ndipo khoma lotere amati limapuma: limamwa chinyontho nthawi ya dzinja n'kuchitulutsa dzuwa likawala. Wina akalimata pulasitala wa simenti, chinyontho chija chimasowa potulukira. Pakapita zaka zochepa penti amatukusira, pulasitala akamugogoda ndi chala amalira ngati ng'oma, ndipo kuseri kwake njerwa zimakhala zitafumbutuka. Kumapiri, komwe nkhungu imagona pakhonde, vutoli limakula msanga.

Nanga zipinda zowonjezera zizioneka bwanji? Mfundo zimene akatswiri anagwirizana ku Venice mu 1964 zimafuna kuti chatsopano chizidziwika kuti n'chatsopano, koma chisaphimbe chakale. N'chifukwa chake mahotela ena amalumikiza nyumba yamiyala ndi chigawo chamakono pogwiritsa ntchito kanjira ka galasi ndi zitsulo. Nzeru imeneyi ndi yabwino, pakuti nyumba yongotengera maonekedwe akale imanamiza mlendo.

Nkhaniyi ikukhudzanso Bindura ku Zimbabwe, dera la migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca, komwe kuli zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito. Mgodi wa Trojan utaima mu 2008, anthu anaona okha kuti tauni yodalira mgodi imafunika njira zina zopezera ndalama. Nyumba za mabwana, za makonde aakulu, zikhoza kukhala malo ogona alendo mosavuta. Koma mbiri ya mgodi ilinso kukomboni, komwe ogwira ntchito ankagona mothithikana ndipo gule wamkulu ankavinidwa. Wojambula pulani amene akufuna kusunga mbiri ya malowa ayenera kuyeza nyumba zimenezonso, n'kukhala pansi ndi akuluakulu amene anakhalamo asanagwetse khoma lililonse.