Mseu wa Burma ndi Makina a Magetsi

Mseu wa Burma umadutsa ku Kabwata kulowera ca ku Woodlands, ndipo cakonko kuli kampu ya asilikali ya Arakan. Maina awiriwa anacokera ku nkhalango za ku Asia kumene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenyana ndi a Japan pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Itatha nkhondoyo mu 1945, opulumuka anabwerera kwao, wina ndi mendulo, wina ndi ndodo yoyendera. Nanga uja amene nkhondo inali kumtsatira mpaka kutulo, wodzidzimuka citseko cikangomenyetseka?

Azungu anali ndi mau akuti "shell shock" kuyambira pa nkhondo yoyamba, koma madokotala ambiri a atsamunda sanali kuyembekezera bala lotere mwa munthu wakuda. J.C. Carothers, amene anayang'anira cipatala ca Mathari ku Nairobi, analemba kuti matenda ovutika maganizo ndi osowa pakati pa Aafirika. Dzina lakuti PTSD, kutanthauza kuzunzika m'maganizo pambuyo pa zoopsa, linalowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itatha. Apo n'kuti askari athu atakalamba.

Makina ndiwo anafulumira. Mu 1938, ku Rome, Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anadutsitsa magetsi m'mutu mwa wodwala kuti agwe ngati wakhunyu, pokhulupirira kuti kugwako kumaciritsa misala. Njirayi, yomwe madokotala amangoti ECT, inali yochipa ndi yacangu, motero inafalikira msanga. Masiku oyambawo wodwala sanali kugonekedwa. Anamwino anali kumgwira manja ndi miyendo, ndipo ena anali kuthyoka mafupa a msana thupi likamagwedezeka.

Nthawi imeneyo odwala misala a dziko lino ambiri anali kusungidwa m'ndende kapena kutumizidwa ku Ingutsheni, ku Bulawayo, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1908. Wolemba mbiri Lynette Jackson, m'buku lake la Surfacing Up, anafotokoza mmene magetsi ankagwiritsidwira nchito pa odwala akuda kumeneko, anthu amene kawirikawiri dokotala sanali kumva cilankhulo cao. Apa m'pamene pali mtima wa nkhani: makina safuna womasulira. Kumvetsera munthu ndiko kumafuna cilankhulo, nthawi ndi ulemu, ndipo zitatu zonsezi zinali zosowa.

Cipatala cathu ca Chainama Hills, ca pa Great East Road musanafike ku Chelstone, cinatsegulidwa mu 1962. Zoopsa sizinaleke ndi ufulu. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa kampu ya ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu April 1979 asilikali a Smith analowa mu mzinda weniweniwu nagumula nyumba ya Joshua Nkomo. Ana amene anamva mabombawo lero ali ndi imvi.

ECT ya masiku ano si ya Cerletti. Wodwala amagonekedwa, amapatsidwa mankhwala ofewetsa minofu, ndipo magetsi amadutsa masekondi owerengeka. Imapulumutsa ndithu anthu ovutika maganizo koopsa, amene aleka kudya kapena afuna kudzipha, ngakhale kuti ena amaiwala zocitika za masiku ozungulira cithandizoco. Kuiwalaku n'kumene kunakopa ofufuza. Mu 2013 gulu la Marijn Kroes ku Netherlands linaonetsa kuti ECT ingasokoneze cikumbukiro cimene munthu wangocidzutsa kumene. Ena anayamba kulota zofafaniza zoopsa ngati coko pa bolodi. Koma amene anayesedwawo anali kukumbukira nkhani yoonetsedwa pa zithunzi, osati imfa ya mnzao ku Arakan. Mpaka lero ECT si cithandizo coyambirira ca PTSD. Dokotala amaiganizira pamene matendawa abwera pamodzi ndi kuvutika maganizo kosamva mankhwala.

Umboni wolimba unapezeka kuno komwe, popanda waya. Mu 2015 kunasindikizidwa kafukufuku wa Laura Murray wa ku Johns Hopkins ndi anzake, wocitika m'madera asanu a Lusaka pa ana 257 amene anakumana ndi zoopsa. Owathandiza sanali madokotala, anali alangizi wamba ophunzitsidwa njira yokambirana ya TF-CBT. Mwana anali kufotokoza zimene zinamcitikira pang'onopang'ono, kufikira atatha kuzinena osanjenjemera. Zizindikiro za matenda zinatsika kwambiri mwa ana amene analandira cithandizoci poyerekeza ndi anzao amene anasamalidwa mwa nthawi zonse.