Inshuwalansi ya zaumoyo ndi msonkho: malamulo a Australia kwa anthu okhala kunja

Boma la Australia limabwezera anthu gawo la ndalama zimene amalipira ku makampani a inshuwalansi ya zaumoyo omwe si a boma. Ndondomekoyi idayamba pa 1 Januwale 1999, mu ulamuliro wa nduna yaikulu John Howard, ndipo panthawiyo boma linkabweza 30 peresenti. Cholinga chidali kuchepetsa katundu wa Medicare, thandizo la chipatala limene boma limapereka kwa anthu ake. Kuyambira pa 1 Julayi 2012, kuchuluka kwa ndalamayi kumadalira zimene munthu amapeza pachaka, ndipo opeza zochuluka kwambiri salandira kanthu. Pofika mu 2025, ndalama yobwezedwa kwa munthu wosakwana zaka 65 wa m'gulu la opeza zochepa idali itatsika kufika pafupifupi 24 peresenti.

Ndalamayi imaperekedwa m'njira ziwiri. Kampani ikhoza kuichotseratu pa zimene munthu amalipira, kapena mwini wake angathe kuiitanitsa podzaza mafomu a msonkho chaka cha boma chikatha pa 30 Juni.

Woyenera kulandira

Malinga ndi bungwe lotolera msonkho la Australian Taxation Office, kukhala kunja pakokha sikumulanda munthu mwayiwu. Zofunika kwambiri ndi ziwiri: inshuwalansi ikhale ya kampani yolembetsedwa ku Australia, yotsata lamulo la Private Health Insurance Act la 2007, ndiponso munthuyo akhale woyenera kuthandizidwa ndi Medicare.

Choncho nzika ya Australia imene ikugwira ntchito ku migodi ya ku Zambia, kapena imene yabwerera kwawo kwa makolo ku Harare kapena ku Johannesburg, singabwezeredwe kanthu pa inshuwalansi imene yagula kumeneko, ngakhale ikhale yokwera mtengo chotani. Chimodzimodzinso inshuwalansi ya alendo ndi ya ophunzira ochokera kunja: siili m'ndondomekoyi.

Medicare nayo ili ndi malire. Nzika imene yakhala kunja zaka zoposa 5 iyenera kulembetsanso ikabwerera, posonyeza umboni woti yadzakhazikika. Kwa amene si nzika koma ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, malirewo ndi miyezi 12.

Kusunga kapena kuimitsa

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa wapaulendo. Inshuwalansi ya chipatala ya ku Australia kawirikawiri silipira chithandizo cholandirira kunja. Medicare nayonso silipira, ngakhale kuti Australia idapangana ndi maiko 11, monga Britain, New Zealand ndi Italy, kuti anthu ake azithandizidwa kumeneko pa matenda osayembekeza. Pa maikowa palibe la mu Africa. Motero munthu angathe kumabwezeredwa ndalama pa inshuwalansi imene singamuthandize kumene ali.

N'chifukwa chake makampani ambiri amalola munthu kuimitsa kaye inshuwalansi yake pamene ali kunja. Akatero salipira kanthu, ndipo palibenso chomubwezera. Koma amene lamulo la msonkho likumuwerengerabe ngati wokhala ku Australia, ndipo amapeza ndalama zambiri, angathe kulipitsidwa msonkho woonjezera wa Medicare Levy Surcharge, wa pakati pa 1 ndi 1.5 peresenti. Inshuwalansi yoimitsidwa kapena ya kampani yakunja simupulumutsa ku msonkhowu.

Pobwerera

Lamulo lina, la Lifetime Health Cover, lidayamba pa 1 Julayi 2000. Wochedwa kutenga inshuwalansi ya chipatala amalipira 2 peresenti yoonjezera pa chaka chilichonse chimene wapitirira zaka 30 zakubadwa, mpaka 70 peresenti, ndipo kuyambira mu 2013 boma silibweza kanthu pa gawo loonjezerali. Amene adali nayo kale amaloledwa masiku 1,094 okhala wopanda inshuwalansi m'moyo wake wonse. Nthawi imene inshuwalansi yaimitsidwa mogwirizana ndi kampani siwerengedwa pa masikuwa, monganso nthawi imene munthu wakhala kunja kopitirira chaka chathunthu. Ndi bwino tsono kusunga umboni wa tsiku lotuluka ndi lolowa m'dziko, pakuti kampani imaufuna munthu akabwerera.