Mbiri ya Maminibasi Akale M'malokeshoni a Mzinda wa Blantyre

Galimoto yomwe anthu a ku Blantyre amaitchula kuti minibasi, kaya ndi Toyota HiAce, Nissan Caravan, Mazda Bongo kapena Nissan Vanette, ndi yomweyonso imene ku New Zealand ndi ku Australia ikakalamba amaizula mipando n'kuikamo bedi, mbaula ndi kabati, kuti isanduke kanyumba koyenda ka alendo okaona malo. Ku Tokyo ndi ku London galimoto yadizilo yamsinkhu umenewu siionekaoneka pamsewu, pomwe ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri ndiyo imalawirira m'mamawa kunyamula anthu opita kuntchito. Kusiyanaku kudabwera ndi malamulo a maiko, mphamvu ya ndalama zawo komanso momwe mzinda uliwonse udamangidwira.

Blantyre adayamba ngati mishoni ya Chisikotishi mu 1876, ndipo adaphatikizana ndi Limbe mu 1956. M'nthawi ya atsamunda anthu akuda ambiri ankakhala m'mbali mwa tauni, m'munsi mwa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, chonsecho ntchito zinali m'mafakitale a ku Makata, pa Ginnery Corner ndi m'masitolo a mu Limbe, kotero ulendo wa tsiku ndi tsiku udakhala mbali ya moyo wa m'lokeshoni kuyambira kale. Amene adayamba kusenza ulendowu anali mabasi akuluakulu a Nyasaland Transport Company, kampani yomwe idakhazikitsidwa mu 1947 ndipo pambuyo pa ufulu idadziwika ndi dzina lakuti United Transport Malawi kapena UTM. Mu 1989 kampaniyi idapita m'manja mwa Stagecoach ya ku Scotland, yomwe idabweretsa ngakhale mabasi osanjikizana oyenda mumzinda, koma mu 1997 idachoka m'dziko muno, ndipo Shire Bus Lines yomwe idalowa m'malo mwake idatsekedwa patangotha zaka pafupifupi khumi.

Mabasi akuluakuluwo akufooka, mzindawo unkangokulirakulira, mpaka kalembera wa 2018 adapeza kuti uli ndi anthu opitirira 800,000. Zaka za m'ma 1990, zomwe zidabweretsa ndale za zipani zambiri, zidatsekulanso khomo la malonda, kotero kuti munthu wamba ankatha kugula galimoto, kuidulira ziphaso n'kuyamba kunyamula anthu. Koma mu February 1994 boma lidasiya kwacha kuti mtengo wake uzidalira msika, ndipo ndalamayi idagwa kwambiri, zomwe zidachititsa kuti basi yatsopano ikhale yosafikirika kwa mphunzitsi wopuma pantchito kapena wogulitsa mumsika amene ankafuna kuyamba bizinesi. Chimene thumba lake likadakwanitsa chinali galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito.

Magalimoto otere ankachokera ku Japan, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino. Dzikolo lili ndi lamulo lotchedwa shaken, lomwe limakakamiza mwini galimoto kukaiyezetsa pafupipafupi pamtengo wokwera, ndipo magalimoto onyamula katundu akadutsa kuyezedwa koyamba amayezedwa chaka chilichonse, motero makampani ambiri amaona chanzeru kugulitsa galimoto ikadali yamphamvu. Pamwamba pa izi padabwera malamulo oletsa utsi woipa, lina la 1992 lomwe adalikhwimitsa mu 2001, kenaka mu October 2003 mzinda wa Tokyo pamodzi ndi zigawo zoyandikana nawo za Saitama, Chiba ndi Kanagawa zidaletsa magalimoto akale adizilo onyamula katundu ndi anthu ambiri kuyenda m'misewu yake ngati alibe zida zosefera utsi. Magalimoto amene adasowa malo kwawoko adakwera sitima zapamadzi kupita ku madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban, n'kulowa m'Malawi kudzera pa zipata monga Songwe ndi Mwanza. Padalinso mwayi wina wosapanganika: ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga kuno, choncho chiwongolero chili kumanja ndipo chitseko chokoka chili kumanzere, komwe kondakitala amakwezera anthu pasiteji. Ambiri mwa magalimotowa ankafika opanda mipando yakumbuyo chifukwa kwawo ankanyamula katundu, ndipo mipando yachitsulo yomwe okwera amaidandaula kuti imapanikiza mawondo ndi ntchito ya amisiri owotcherera a konkuno.

Maiko ena adasankha njira zosiyana, ndipo misewu yawo ikuonetsa zimenezo. Kenya salola galimoto yopitirira zaka 8 kulowa m'dziko. South Africa, pofuna kuteteza mafakitale ake a magalimoto, amaletsa malonda a magalimoto akale ochokera kunja, ndipo mu 2006 adayamba ndondomeko yolipira eni mataxi kuti aphwanyitse akale n'kugula atsopano, moti Mmalawi amene amagwira ntchito ku Johannesburg amakwera minibasi ya Toyota yolumikizidwa ku Durban. London nayo kuyambira mu 2019 imalipiritsa tsiku ndi tsiku galimoto yotulutsa utsi wambiri. Malawi sadatseke khomo, koma adangoika msonkho wokwererapo pa galimoto yokalamba, womwe bungwe loona za misonkho la MRA limatolera.

Kulowa m'dziko sikukwanira kufotokoza chifukwa chake magalimotowa amakhalitsa chonchi. Blantyre ali kumtunda, kutali ndi mphepo ya m'nyanja yamchere, ndipo kulibe chisanu chimene kumaiko ozizira amachisungunula pothira mchere m'misewu, mchere womwe umadyetsa galimoto dzimbiri. Chachikulu koposa ndi amakaniko. HiAce yomwe idapangidwa kuyambira 1989 mpaka 2004 ili ndi injini zosadalira kwambiri kompyuta, monga ya dizilo yotchedwa 3L, ndipo makaniko wa ku Ndirande amatha kuimasula yonse pabwalo ndi masipanala okha, masipeyala ake n'kuwapeza mumsika kuchokera ku inzake yomwe idatha. Luso limeneli ndi loyenera ulemu waukulu kuposa umene limalandira, chifukwa ndilo lasunga mayendedwe a mzindawu pamene makampani akuluakulu adalephera.

Mu bizinesi ya minibasi ndi momwe muli yankho la chifukwa chake kanyumba koyenda kaja sikapezeka m'malokeshoni, kupatula ka alendo odutsa popita kunyanja kapena ku Mulanje. Mpando uliwonse ndi ndalama, ndipo dalaivala amapatsidwa tageti, kutanthauza ndalama zomwe ayenera kupereka kwa mwini minibasi madzulo aliwonse, asanaganize za malipiro ake ndi a kondakitala. Dongosolo limeneli lili ndi mtengo wake wowawa, chifukwa limakankhira dalaivala kuthamanga, kudzaza anthu mopitirira lamulo la atatu pampando ndi kuyendetsa matayala otha, ndipo wovulala pangozi nthawi zambiri amakhala wosauka amene alibe njira ina yoyendera. Boma lidaletsa oitanira okwera mu 2006, koma mawu awo akumvekabe pa siteji ya Mibawa ndi m'masiteji a mu Limbe.

Kugwa kwa kwacha mu 2012, mu 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023 kudakweza mtengo wa masipeyala ndi wa galimoto zolowa m'malo, kotero eni ake amakonzabe zakale zomwezo, ndipo ena adatsikira ku Bongo ndi Vanette, zomwe ndi zazing'ono ndi zotsika mtengo. M'zaka zaposachedwapa maminibasi akulimbirananso okwera ndi timagalimoto ta Toyota Sienta, tochokera ku Japan komweko, ndi njinga zamoto zakabaza, zomwe zimalowa m'timisewu tafumbi ta ku Machinjiri ndi ku Bangwe n'kukatula munthu pakhomo pake penipeni.