Ng'anjo ndi Cipala: Mbiri ya Khasu Kuno ku Rufunsa

Mwana wa sukulu wa ku Rufunsa akafunsidwa kumene khasu licokera, ayankha kuti licokera ku sitolo. Yankho lace nloona masiku ano, koma libisa mbiri ya zaka zoposa 1,500.

M'caka ca 1966 Bambo D. W. Phillipson anakumba pa Kapwirimbwe, m'mzinda wa Lusaka, napeza mapale a mbiya ndi zotsalira zambiri za citsulo cosungunulidwa. Makala a pamalopo atayesedwa, kunadziwika kuti anthuwo anakhalapo m'zaka za m'ma 400. Motero luso la citsulo linali m'dziko lino zaka pafupifupi 1,000 Apwitikizi asanaone mtsinje wa Zambezi.

Nchitoyo inali pawiri. Poyamba amisiri anaumba ng'anjo yadothi kutali ndi mudzi, nathiramo miyala ya citsulo ndi makala mosanjikiza, nasonkha moto. Masiku onsewo anadzisunga osalowa m'nyumba kwa akazi ao, poopa kuti citsulo cingakanike. Pambuyo pace citsuloco cinapita ku cipala, kumene mnyamata anavukuta mvukuto wa cikopa ca mbuzi, ndipo wosula anacisula pa mwala, natulutsa makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi.

Zosulazo zinayenda kutali. M'caka ca 1831 Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, pa ulendo wace wocokera ku Tete kunka kwa Kazembe, anaona Amaravi a kum'mawa kwa Luangwa alikusungunula citsulo ndi kusula makasu, amene anali malonda ofunika m'cigwa ca Zambezi. Khasu linagula cakudya pa njala, linalowanso pa nkhani za cikwati.

Azungu atadza ndi makasu a m'sitolo, ng'anjo zinazima, pakuti kusungunula miyala kunafuna makala ambiri ndi amuna ambiri. Koma cipala sicinafe: wosula anayamba kutola zitsulo za magalimoto akufa m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, nasula nazo nkhwangwa ndi mipeni.

Cimene cirikutayika tsopano ndico cidziwitso ca ng'anjo. Nkhalamba za Cisoli za kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda zimene zinamva izi kwa makolo ao zatsala pang'ono. Mphunzitsi amene apita ndi ana ace kukazifunsa, nalemba mau ao m'buku la sukulu, asunga phunziro limene likatayika silidzapezekanso.