Makhololo ku Thekerani: kuchoka m'dothi kulowa m'kabotolo

Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julayi, othyola tiyi amalowa m'mizere akumina, ana kumudzi mamina ali chuchuchu. Ife a ku Thekerani tidakula tikuti umenewu ndi uve basi. Komatu thupi limawapanga dala. M'mphuno, kummero ndi m'njira zonse za mpweya muli chinyezi chonanda chimene chimakola fumbi, utsi wa nkhuni ndi tizilombo, ndipo tiubweya tosaoneka ndi maso timachikankhira kummero kuti timeze kapena tilavule. Ngakhale m'chifu chilimo, kuteteza kuti asidi wogaya chakudya asaotche mnofu.

Agogo athu za tiubweyato sadazidziwe, koma mphuno ya khanda ikatseka, mayi ankayamwa maminawo ndi pakamwa pake n'kulavula, mwana n'kugwira bere. Makhololo ndiwo ankaopedwa. Munthu akalavula ankafotsera ndi phazi, kuopa kuti wamankhwala angatole. Amuna opita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, imene boma lidailetsa kulemba anthu kuno mu 1974 ndege yake itagwa ku Francistown, ambiri ankabwerako ndi chifuwa chosamva zitsamba, fumbi la miyala litadya mapapo. Akayamba kuonda ndi kulavula magazi, pamudzi ankati ndi tsempho, n'kumafunsana amene wadumpha mwambo. Amayi ambiri adasenzetsedwa mlandu wosaudziwa, ndipo zimandiwawabe.

Chonsecho Robert Koch adali atakaona kale kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo kamapezeka m'makhololo omwe tinkakwirirawo. Kuno maso adatseguka Edzi itachulukitsa chifuwachi. A Médecins Sans Frontières adayamba ntchito m'boma lathu la Thyolo mu 1997, ma ARV adayamba kuperekedwa mu 2003, kenaka thandizo lidatsikira kuzipatala zakumidzi monga cha ku Thekerani. Alangizi a zaumoyo ankagawa timabotolo uku akulangiza: mukadzuka m'mamawa, musanadye, chukuchani m'kamwa, kokani mpweya kwambiri, mutsokomole zochokera pansi pa chifuwa, malovu ayi. Kabotolo kankakwera njinga mpaka kukafika pa maikulosikopu. Lero makina a GeneXpert amatulutsa zotsatira m'maola awiri, n'kuululanso ngati kachilomboko kayamba kukana mankhwala a rifampicin.

Chimene chidakanika kuchoka ndi manyazi. Ndimawaonabe abambo aulemu wawo atabisa kabotolo m'thumba la jekete, ena atatsokomola miyezi itatu, pomwe achipatala amati masabata awiri akakwana munthu akayezetse.