Kutikita minofu

Kutikita minofu ndi chithandizo cha manja chochepetsa ululu wa minofu ndi zomangira mafupa. Pa Chingerezi njira ina yake amaitcha myotherapy, dzina limene anafalitsa Bonnie Prudden wa ku America m'zaka za m'ma 1970, potsatira kafukufuku wa Dr Janet Travell.

Mnofu ukagwira ntchito mopitirira muyeso umapanga timfundo tolimba. Kamfundo ka paphewa kangathe kupweteketsa mutu, ka m'thako n'kutumiza ululu kumwendo. Wotikita amakafunafuna ndi chala, n'kukanikiza pamenepo kwa masekondi angapo, kenako amawongola mnofuwo pang'onopang'ono.

Ku Machinga ndi ku Balaka vutoli si lachilendo. Wakabaza wa pa Liwonde, mlimi wa thonje, mayi woweramira mpunga kudambo la Chilwa, onsewa amaudziwa msana wowawa. Makolo ankathowa ndi madzi otentha ndiponso kusisita, ndipo pa ululu wokhalitsa nzeru imeneyi imathandizadi. Kuchipatala ntchitoyi ndi ya a mafizo, amene amaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre.

Koma pali ululu wosafuna kutikita. Pobinya kumene pamafunika kupumitsa ndi kuziziritsa masiku awiri oyamba. Kuthowa msanga kumawonjezera kutupa. Fupa lothyoka salisisita, ngakhalenso katumba wotupa ndi kutentha, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha. Msana ukamawawa pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi kapena dzanzi m'miyendo, musachedwe ndi kuthowa kunyumba. Pitani kuchipatala akakupimeni.